Nkhoko za Buledi

Chiperoni chagona masiku atatu pa Chitakale,
phiri labisala, zovala sizikuuma,
ndipo bambo akana phala, akana nthochi,
akuti m'kamwa mwawo mwakumbuka kale.

Ndatulutsa chopukusira kunsi kwa bedi,
chachitsulo, cholemera ngati mwana woyamba kukwawa,
chija anawasiyira dona pochoka
m'malo mwa penshoni.
Dzimbiri ndakwecha ndi phulusa ndi ndimu.
Ndachimanga m'mphepete mwa tebulo, tebulo ladandaula.

Poloni ndagula kwa a Nakhumwa, theka la kilo,
wofiirira ngati chikhatho cha khanda.
"Si nyama imeneyo," atero bambo,
bulangete mpaka m'khosi.
"Ife tinkapukusa hamu yotsala pa Sande,
fupa lake nkuphikira supu."
Koma maso awo sakuchoka pa dzanja langa.

Pukuse, pukuse,
nyama ikutuluka m'timabowo
ngati nyongolotsi mvula ikakata.
Anyezi mmodzi, osati awiri.
Nkhaka zija ndinaviika mu viniga Lachiwiri.
Mazira owiritsa.
Pomaliza kachidutswa ka buledi wouma
kokankhira zotsalira pakhosi pa chitsulo:
khukhi weniweni satsukira ndalama ya bwana m'beseni.

Mayonezi wa m'botolo amukana ndi mutu.
Ndiye chachikasu cha dzira m'mbale yadothi,
masitadi kunsonga kwa supuni,
mafuta dontho, dontho, foloko osapuma.
"Ukafulumira sizigwirana,
ngati banja la mlongo wako Fulujensio."
Aseka mpaka chifuwa chiwagwira.
Mkono wanga wafa dzanzi.

Zaka makumi atatu ndi zinayi
Layitoni Namakhwa ankapaka zimenezi
kukhitchini kwa nyumba ya pachulu ku esiteti,
Loweruka lililonse, za anthu a tenesi.
Buledi wopyapyala woti nkuonera dzuwa,
nkhoko kudula mbali zonse zinayi,
kenaka pakati, makona atatu,
kansalu konyowa pamwamba, thireyi, khonde.
Sanalumepo.
Kulawa kunali kunsonga kwa mpeni, atatembenukira kukhoma.

Nkhoko zinkalowa m'thumba la epuloni
nkutsika usiku m'mizere ya tiyi
mpaka kumalayini, kumene ife asanu
tinkanamizira kugona.
Masiku ena mpeni unkaphonya dala,
nkhoko nkubwera yonenepa, yodetsedwa ndi nyama,
ndipo Delifa ndi ine tinkakandana chifukwa cha iyo.
Ndinafika sitandade sikisi
ndikuyesa kuti sangweji ndi mphepete zokhazokha,
kuti pakati ndi bowo, ngati pa zenera.

Tsopano sakaniza, akutero, usatakase ngati thobwa.
Tsabola wakuda pang'ono.
Iikeni pozizira ipume, zidziwane.
Tilibe firiji, koma chiperoni chatibwereka yake:
mbale pawindo, mbale ina pamwamba,
mwala poopa mphaka wa aneba.

Ola lapita.
Ndapaka mokhuthala, dona akanakomoka.
Mano awatsalira awiri, ndipo sayang'anizana,
choncho ndatenga mpeni:
mbali iyi, iyi, iyi, ndi iyi.
Pakati. Makona atatu.
Mbale ya maluwa, ija ya alendo.

Alandira ndi manja awiri.
Aitembenuza, aona ngati m'mbali mwawongoka.
Kenaka acheukira kuchitseko,
pang'ono chabe,
monga munthu womvera mapazi pakhonde.
Kulibe. Ndi madontho a padenga.

Aluma.
Atafuna nthawi yaitali, ndi nkhama, ndi lilime,
maso ali kumene kuyenera kukhala phiri.
"Mchere wachepa."
Atenga yachiwiri.

Ine ndaima pawindo ndi nkhoko m'dzanja.
Panja otchola tiyi akuweruka,
mapulasitiki kumutu, madengu opanda kanthu.
Ndikudya zanga za masiku onse,
ndipo ndaona kuti nanenso
mpeni wandiphonya.